Dontho Lomaliza la Utoto Wobiriwira

Wongani ndi Lusungu, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimasungira makope akale m'sutikesi kunsi kwa bedi, osalola kuti muyatsire mbaula. Tsopano popeza ndapuma pa ntchito, ndatulutsa kope la chikuto chofiira kuti ndikulembereni za chaka chimene ndinayankhula. Mukhoza kuseka, koma kwa ine kuyankhula kunali kolemera kuposa ndowa yamadzi. Kusukulu ankanditcha Kachetechete. Zimene pakamwa pankakana kutulutsa ndinkazilemba m'kope, ndipo chizolowezicho ndinapita nacho kuntchito.

1991: Chipinda chamdima

Ntchito yanga yoyamba inali mu labu yoyeza matenda a ziweto, kunja kwa tauni pang'ono. Ndinkakhala ndi agogo anu ku Area 25, ndipo ndinkadzuka mbandakucha kuti ndikwere basi yopita m'tauni, kenaka ina, kotsalako wapansi. Amene anandilowetsa ntchito anali a Munthali, mkulu wa labuyo. Analinso mkulu wa mpingo wathu ndiponso mnzawo wa agogo anu aamuna kuyambira kwathu ku Rumphi. Ine ankanditcha Nyagondwe, ineyo ndinkawatcha Adada, monga timatchulira bambo kwathu, ngakhale pantchito. Anali munthu waukhondo, wosachedwa, wosakweza mawu. Akayang'ana pamwamba pa magalasi awo, aliyense ankayamba kufufuza chimene walakwa.

Miyezi yoyamba ndinkangotsuka mabotolo ndi timagalasi. Kenaka anandipereka m'manja mwa a Chisale, bambo wa ku Dowa, wamfupi, wanthabwala zosatha. Tsiku loyamba ananditengera kumene tinkaweta mbewa zoyera.

"Mwaziona, Nyagondwe? Kunenepa konseku. Inu a kumpoto mumaononga ndiwo. Mbewa ngati izi kumazibaya chiwewe m'malo mozithira mchere."

Ndinaseka nditagwira pakamwa.

"Eya, mano alipo," anatero. "Ndimayesa abwana atibweretsera chithunzi."

Ntchito yathu yaikulu inali kuyeza chiwewe. Galu akaluma munthu n'kuphedwa, mutu wake unkabwera kwa ife. A Chisale ankatsegula chigaza, ine n'kudinda kachidutswa ka ubongo pa kagalasi. Kakauma, tinkadonthezapo utoto. Utotowo sunali wamba ayi. Akatswiri akunja ankatenga mapuloteni amene thupi limapanga polimbana ndi chiwewe, n'kuwamangirira utoto umene umawala ukaunikidwa ndi getsi lapadera. Mapuloteniwo amagwira kachilombo ka chiwewe kokha, china chilichonse amachisiya. Tikadikira theka la ola n'kutsuka kagalasiko, utoto wonse unkachoka kupatula pamene wagwira kachilombo. Ndiye tinkalowa m'chipinda chamdima, chotchinga ndi nsalu zakuda, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Mdima wokhawokha unkatanthauza kuti galu analibe chiwewe. Timadontho tobiriwira tinkatanthauza kuti wolumidwayo athamangire katemera. Panalinso utoto wina wachikasu umene unkagwira mtima weniweni wa tizilombo ta m'magazi a ng'ombe, koma wobiriwirawo ndiwo unali mfumu ya firiji yathu.

Tsiku limene ndinaona koyamba ndinalemba chonchi: "Lero ndaona chiwewe. Ndimayesa chikhala choopsa, koma chikuoneka ngati ziphaniphani za kudambo. Ndachita manyazi kuti ndachiona kukongola."

Panali lamulo limodzi limene a Munthali anandiphunzitsa okha. Tisanayang'ane galu aliyense, tinkayamba tadontheza utoto pa kagalasi ka ubongo wa mbewa imene tinkadziwa kale kuti ili ndi chiwewe. Kagalasi kameneko tinkakatcha mboni. Mboni ikawala, ndiye kuti utoto uli moyo.

"Utoto umenewu umafa, Nyagondwe," anandiuza. "Dzuwa limaupha, kutentha kumaupha. Ndipo ukafa sununkha. Umangokuonetsa mdima, iwe n'kumati galu ali bwino. Mboni ikapanda kuwala, mlandu suzengedwa."

1993: Kabotolo kotsiriza

Utotowo unkabwera pa ndege, m'kabotolo kochepa ngati chala, kudzera mwa ofufuza ena akunja amene tinkagwira nawo ntchito. Kafukufuku wawo atatha anapita, kutisiyira kabotolo kamodzi. A Munthali analemba makalata opempha kena. Mayankho ankati tidikire. Utoto wa m'kabotolo kotsalako tinausungunula, kuugawa m'timachubu, kukulunga ndi pepala lasiliva n'kuika mufiriji. Koma magetsi ankazimazima, nthawi zina tsiku lathunthu. Timachubu tinkasungunuka, kuumanso, kusungunukanso. A Chisale ankathamangira kogulitsa nsomba kukapempha ayisi, n'kubwera malaya atanyowa.

Mitu ya agalu sinaleke kubwera. Inkachokera ku Kawale, ku Chinsapo, ku Mgona, ina m'matumba a feteleza, ina m'zitini. Timachubu tinkachepa. Tsiku lina a Munthali anatiitana muofesi mwawo.

"Mboni ikudya dontho tsiku lililonse," anatero. "Dontho limenelo ndi galu mmodzi. Kuyambira lero mboni tiziiyeza Lolemba lokha."

Patapita miyezi anati kamodzi pamwezi. Musawaone ngati munthu woipa. Ankafuna kuti aliyense wobwera ndi mutu wa galu abwerere ndi yankho. Ndipo lamulolo linali lawo lomwe, ndiye ndani akanawakumbutsa?

Ine ndinkangolemba. Sindinkadziwa kuyeza kuwala ndi manambala, choncho ndinkalemba mmene maso anga aonera. Chakumayambiriro kwa 1994: "Mboni yawala ngati tsamba la nthochi lanthete." Nyengo yokolola: "Yawala ngati msipu umene wayamba kufota." M'nyengo yozizira: "Ngati madzi otsukira masamba. Ndayang'ana nthawi yaitali ndisanaione." Itatha imeneyo, a Munthali anati mboni ileke kaye mpaka kabotolo katsopano kafike. Pansi pa tsambalo ndinalemba kuti, "Ndiwauza mawa Adada." Mawu omwewo ali pa masamba ena ambiri otsatira. M'basi ndinkakonza ziganizo, kuzisalaza bwinobwino, koma ndikafika pakhomo la ofesi n'kuona magalasi aja, ndinkangofunsa ngati akufuna tiyi.

M'masabata amenewo agalu onse amene tinayeza anatuluka amdima. Mmodzi anali wa ku Mtsiliza, amene analuma mlonda wina pa mwendo. Mlondayo anabwera yekha ndi mutuwo, akutsimphina, ndipo nditamupatsa pepala lakuti galu analibe chiwewe anavula chipewa n'kundithokoza. Chakudya chinasiya kundikomera. Agogo anu aakazi ankayesa ndili ndi chibwenzi.

Okutobala 1994: Ndowa ya ku Biwi

Kunkatentha mwakuti phula linkamata ku nsapato. Cha m'ma teni koloko kunafika mayi wina atasenza ndowa yovundikira ndi chitenje, mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri akumutsatira. Anali amake Mphatso, ogulitsa tomato ku Biwi. Mwanayo, Mphatso, anali ndi bandeji pa tsaya ndi pa dzanja. Dzulo lake, akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, galu wa oyandikana nawo anamulumpira osauwa n'komwe. Amuna a pamalopo anamupha galuyo ndi mipini. Kuchipatala anatsuka mabala, n'kunena kuti katemera ndi wochepa kwambiri, akusungira okhawo amene pepala la ku labu likuti galu anali wachiwewe.

"Ndiye ndabwera ndi mwini mlandu," anatero amake Mphatso akutula ndowa. "M'minibasi anditsitsa kawiri. Akuti mayi, ndiwo zanuzo zaola."

"Mukanawauza kuti n'zaulere, akanakanganirana," anayankha a Chisale.

Mphatso sanaseke. Anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake, akusuzumira ndi diso limodzi. Ndinamudziwa mwana ameneyo. Ndinali ine ndemwe.

Mufiriji munatsala kachubu kamodzi, ndipo munali madontho awiri okha. Limodzi linali la galu wa ku Biwi. Linalo a Munthali anali atalonjeza kale kwa mwini famu ina ya mkaka, amene ng'ombe yake inafa modabwitsa, ndipo mutu wa ng'ombeyo unkabwera madzulo a tsiku lomwelo. Anyamata ake okama mkaka anali atapisa manja m'kamwa mwa ng'ombeyo poyesa kuti yatsamwa. Nawonso ankadikira yankho.

Ndinakonza kagalasi ka galu, kudontheza, kudikira, kutsuka. M'chipinda chamdima ndinayenda nako kagalasiko kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete. Mdima. A Munthali analowa, kuyang'ana pang'ono, n'kuimirira.

"Palibe. Lemba pepala, usaine, uwapatse mayiwo azipita. Ine ndikupita kumsonkhano, ndibwera thu koloko."

Ndinakhala ndi pepalalo pa tebulo. Ndinalemba dzina la mwana, dera, tsiku. Pa mzere wa zotsatira cholembera chinaima. Pawindo ndinkawaona amake Mphatso atakhala pansi pa mtengo wa mango, akumupatsa mwana chinangwa. Bala linali pa tsaya, pafupi ndi mutu, ndipo ndinkadziwa kuti chiwewe chikalowera pamenepo sichichedwa. Ndinkadziwanso kuti chikayamba kuoneka, palibe mankhwala. Ndinaimirira, kukhala pansi, kuimiriranso. Ndinatsuka botolo loyera kale. Kenaka ndinatsegula firiji, kutenga kagalasi ka mboni kamene kanakhala miyezi osakhudzidwa, n'kudonthezapo dontho lomaliza.

A Chisale anandipeza ndili ndi kachubu kopanda kanthu m'manja.

"Nyagondwe, dontho la ng'ombe lili kuti?"

Ndinaloza mboni.

Anakanda m'mutu. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni analibe nthabwala. "Mwana wa eni, mwaputa mavu. Koma popeza mwaputa kale, tiyeni tidikire limodzi."

Theka la ola limenelo linatalika. Mboni ikanawala, ndiye kuti ndataya dontho la anthu a ku famu popanda chifukwa, komanso ndanyoza munthu amene anandipatsa ntchito. Ikanapanda kuwala, ndiye kuti mapepala amene ndinasaina miyezi yapitayo anali abodza. Sindinadziwe choti ndipempherere. Ndinatuluka kukawauza amake Mphatso kuti adikirebe.

"Achemwali, tomato wanga ali ndi mnzanga, ndipo mnzangayo ndi wamanja aatali," anatero. "Kodi galuyo mukumufunsa mafunso?"

Titatsuka mboni, ndinayang'ana ine, kenaka a Chisale. Ubongo wa mbewa umene unkadzaza ziphaniphani unali bii, ngati mkati mwa mtsuko.

"Wafa," anatero a Chisale motsitsa mawu. "Tsono wokanena maliro ndani?"

"Ndine," ndinayankha, ngakhale mawuwo anatuluka ngati a mwana wa mbuzi.

A Munthali atabwera, ndinagogoda ndili ndi kope langa pachifuwa. Ziganizo zonse za m'basi zinathawa.

"Adada, utoto wafa."

"Wadziwa bwanji?"

"Ndayeza mboni."

"Ndi dontho liti?"

"La ng'ombe."

Anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo pang'onopang'ono. "Wakulamula ndani?"

"Palibe, Adada."

"Anthu a ku famu ali m'njira. Ndiwauza chiyani? Kuti mwana amene ndinamutenga kwa bambo ake, wotsuka mabotolo dzana, wasanduka mkulu wa labu?"

Misozi inali itayamba kale, chinthu chimene ndimadana nacho mpaka lero. Pakamwa panakananso. Ndiye ndinatsegula kope, kope limene ngakhale agogo anu sanaliwerengepo, n'kuliika patsogolo pawo. Anawerenga za tsamba la nthochi, za msipu wofota, za madzi otsukira masamba. Anawerenganso "Ndiwauza mawa Adada," n'kutembenuza tsamba, n'kupezanso mawu omwewo, n'kutembenuzanso. Kenaka ananyamuka n'kukalowa m'chipinda chamdima. Anakhalamo nthawi yaitali kuposa imene munthu amafuna kuti aone mdima.

Atatuluka anang'amba pepala lija. Anatenga lina n'kulemba ndi dzanja lawo kuti labu yalephera kuyeza chifukwa utoto waonongeka, kuti mmene galuyo analumira zikukayikitsa, ndi kuti mwanayo alandire katemera tsiku lomwelo ngati kuti chiwewe chapezeka. Anadinda chidindo, n'kulembanso kalata yofanana ya anyamata a ku famu.

"Kapereke," anatero osandiyang'ana. "Ndipo upite nawo. Kalata ilibe pakamwa. Iwe lero uli napo."

Amake Mphatso sanakondwe. "Ndasenza mutu wa galu kuchokera ku Biwi kuti mundiuze kuti simukudziwa? Zimenezo ndikanazidziwa ndili kunyumba."

"Pepani, Amayi."

"Ndiye majakisoni angati?"

"Angapo. Masiku osiyanasiyana. Musadumphitse ngakhale limodzi."

"Galu wa eni, miyendo yanga," anang'ung'udza, koma anamanga chitenje n'kunyamuka.

Kuchipatala dokotala anawerenga kalatayo kawiri, n'kunena kuti pepala lakuti "sitikudziwa" si pepala. Ndinamufotokozera za mboni, za magetsi, za bala la pa tsaya. Ndinayankhula kwambiri kuposa mmene ndinayankhulira chaka chonsecho. Pomaliza anapumira m'mwamba n'kutumiza nesi kukatsegula firiji. Pobaya jakisoni, Mphatso anagwira chala changa, osalira.

Mawa lake a Munthali analamula kuti tilembe mayina a onse amene tinawapatsa mapepala chilekereni kuyeza mboni. A Chisale anazungulira pa njinga yamoto kukawauza kuti apite kuchipatala. Ambiri anawapeza. Mlonda wa ku Mtsiliza sanamupeze. Loweruka ndinapita ndekha, kufunsa m'tinjira ta pakati pa nyumba, pa mpopi, pa chigayo. Mayi wina anati, "Uja wotsimphina? Ntchito inamuthera, anabwerera kumudzi." Mudzi wake sankaudziwa.

Kuntchito a Munthali anandibweza kotsuka mabotolo, poti kunalibenso choyeza. Anasiyanso kunditcha Nyagondwe. Kutchalitchi ankandipatsa moni wakuti "Muli bwanji, mayi?" ngati mlendo. Agogo anu aamuna anaona, koma sanafunse.

1995: Mboni iyambe

Kabotolo katsopano kanafika mvula ili mkati. Zidutswa za ubongo wa agalu a miyezi ija tinali titazisunga m'mankhwala oletsa kuola. A Munthali anabwera okha kumene ndinkatsuka.

"Pukuta m'manja. Ukonze magalasi onse akale. Uyambe ndi mboni."

Mboni inawala mpaka ndinaphethira. Ndinali nditaiwala kuti kubiriwira kwake n'kotero. Kenaka ndinaika kagalasi ka galu wa ku Biwi. Ziphaniphani zinali ponseponse, zazikulu ndi zazing'ono, kudzaza diso lonse. Ndinawapatsa mpando a Munthali. Anayang'ana. Kumbuyo kwathu a Chisale ananong'ona kuti, "Kamtsikana kaja." Mphatso anali atamaliza majakisoni ake onse, ndipo sabata yapitayo mayi ake anali atanditumizira tomato m'jumbo, ndi uthenga wakuti ndisazolowere.

Magalasi ena anatuluka amdima, mdima woona tsopano. Lotsiriza linali la ku Mtsiliza. Ndinaliika, kusuntha pang'ono, n'kuona timadontho tobiriwira m'mphepete, tochepa koma toonekeratu. Sindinathe kuchotsa diso. A Munthali anandigwira paphewa kuti ndisunthe, n'kuyang'ana okha.

"Ameneyu ndi wanga, Nyagondwe," anatero. "Lamulo ndinathyola ndine."

"Ine ndinaona, Adada. Ndinangolemba."

A Munthali anaimirira. Anatenga choko n'kulemba pa chitseko cha firiji, ndi zilembo zazikulu, kuti MBONI IYAMBE. Mawuwo ankawabwereza akafufutika mpaka tsiku limene anapuma pa ntchito, ndipo nditakhala pa mpando wawo ndinapitiriza ndine.

Si aliyense wolumidwa ndi galu wachiwewe amene amadwala. Ndadziuza zimenezi zaka zonsezi, ndipo ndi zoona. Mwina mlonda uja anakalamba kumudzi kwawo akulima fodya. Sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa. Mphatso yekha ndimamudziwa. Ali ndi ana atatu ndi kachipsera pa tsaya, ndipo benchi la mayi ake la tomato ndi lake tsopano. Lusungu, ndi mayi aja amene amakuwonjezera tomato awiri nthawi zonse, iwe n'kumadabwa.

Kope lofiira mudzalipeza pamwamba pa enawo. Mudzawerenge masamba a "Ndiwauza mawa" onse, osadumpha, monga anawerengera a Munthali. Pakati pake pali tsamba lopinda pakona. Pamenepo pali dzina la munthu amene anandivulira chipewa.